Malamulo a Bawo Ali M'mitu ya Akulu: Ana Athu Awalembe M'kompyuta

Makolo ambiri a ku Mbungo, ku Nkhwazi, ku Makulawe ndi m'midzi ina ya pa chisumbu cha Likoma ali kudandaula za chinthu chimodzi. Ati ana a masiku ano akagwira lamya ya m'manja, imene tonse tiitcha foni, saona dzuwa kulowa. Mbuzi zilowa m'munda wa chinangwa, usipa ubvumbwa pa thandala, mwana maso ali pa kagalasi, ali kusewera zimene iwo amati magemu. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo sitiri kulichepsa ai.

Koma lero tifunse funso lina. Kodi masewera amenewa awapanga ndani, ndipo awapanga bwanji? Pakuti masewera a m'foni samera okha monga bowa. Pali munthu amene anakhala pansi nawalemba, ndipo nchito yacheyo ndi nchito yeniyeni, monga ya mmisiri wa matabwa kapena ya wosema bwato. Mwana wa ku Mbungo angathe kuiphunzira. Poyambira pache si patali ai: ndi pa thabwa la bawo pamene agogo ache akhala madzulo.

KOMPYUTA NDI WANCHITO WOMVERA KOMA WOPANDA NZERU

Foni iri yonse ndi kompyuta yaing'ono. Kompyuta ndi wanchito wa changu kwambiri, wosatopa, wosanyinyirika, koma sadziwa kanthu mwa iye yekha. Achita chokhacho chimene wauzidwa. Mndandanda wa malamulo amene munthu aulembera kompyuta ndiwo utchedwa pulogalamu.

Tifanizire chotere. Mai akauza mwana wao wamkazi kuti, “Kabviike chinangwa,” mwanayo adziwa zonse: asenda, aika m'madzi, adikira masiku, abvuula chitafewa, nayanika. Koma mukadatuma kompyuta, mukadayenera kutchula chiri chonse pachokha, ndi kutchula motsatana bwino. Mukaiwala mau akuti “bvuula,” chinangwa chidzakhala m'madzi kufikira chitasanduka phala, ndipo kompyuta sidzaona cholakwa. Chifukwa chache luso loyamba la wolemba mapulogalamu si kudziwa makina ai, koma kudziwa kugawa nchito m'tizigawo ting'onoting'ono osasiyako kamodzi.

Ambiri a inu mukumbukira masewera a njoka a m'mafoni akale a Nokia. Anawalemba ndi Taneli Armanto wa ku Finland, ndipo anatuluka mu 1997 pa foni ya Nokia 6110. M'kati mwa masewera amenewo munali nchito zitatu zokha zobwerezabwereza. Poyamba foni imva batani limene munthu wadina. Kachiwiri iwerengera: mutu wa njoka usunthe malo amodzi, ngati wapeza chakudya, njoka italike, ngati waluma thupi lache, masewera athe. Kachitatu ijambula chithunzi chatsopano pa galasi, nibwereranso poyamba. Masewera akuluakulu a makono, a mpira kapena a galimoto, ayenda pa nchito zitatu zomwezi, koma azibwereza ka 30 kapena ka 60 pa sekondi imodzi, kotero kuti diso liona ngati zinthu ziri kuyenda.

Foni ya Nokia 3310, imene inatuluka mu 2000, inali ndi masewera ena otchedwa Bantumi. Anali a maenje ndi njere, abale ache a bawo. Koma malamulo ache sanali athu. Anatsata masewera otchedwa Kalah, amene William Champion wa ku America anawakonza mu 1940, a mizere 2 yokha ya maenje 6. Taonani tsono: anthu akutali anaona kale kuti masewera a njere ndi okoma kuika m'makina, ife eni ache tiri chete.

BAWO NDI SUKULU YOYAMBA

Thabwa la bawo liri ndi mizere 4, mzere uli wonse maenje 8. Onse pamodzi maenje 32. Njere ziri 64, munthu ali yense zache 32. M'madera ambiri a Malawi poyamba masewera munthu aika njere 8 m'nyumba, imene ena amati kuu, ndi ziwiriziwiri m'maenje awiri a ku dzanja lamanja la nyumbayo. Njere 20 zitsala m'manja. Ku Zanzibar, kumene bawo ali nayenso mbiri yaikulu, aika 6 m'nyumba nasunga 22.

Tsopano tamverani m'mene wodziwa bawo alankhulira pophunzitsa mlendo. Ngati njere yotsiriza igwera m'dzenje lopanda kanthu, dzanja latha. Ngati igwera m'dzenje la mzere wa kutsogolo muli njere kale, ndipo dzenje la mnzako loyang'anana nalo liri ndi njere, wadya. Ngati palibe chakudya koma m'dzenjemo muli zina, tola zonse nupitirire. Ngati dzanja unaliyamba ndi kutakata, sudya konse kufikira litatha. Ngati mzere wako wa kutsogolo watsala wopanda njere, waluza.

Mwaona mau amene ali kubwera kawirikawiri? Ndi “ngati.” Mau amenewa, pamodzi ndi akuti “bwereza kufikira,” ndiwo mizati ya pulogalamu iri yonse pa dziko lapansi, ngakhale ya ku banki, ngakhale ya m'ndege. Mwana amene angathe kulemba malamulo onse a bawo m'kope, momveka kotero kuti mlendo wosadziwa kanthu asewere popanda kufunsa, wagwira kale gawo lalikulu la nchito ya wolemba masewera, asanakhudze ndi kompyuta yomwe.

Koma pano pali chinthu chofuna changu. Malamulo a bawo wa kwathu sakhala m'mabuku; akhala m'mitu ya akulu, ndipo asiyana pang'ono mudzi ndi mudzi. Mu 1913 Dr. Meredith Sanderson, sing'anga wa Boma la Nyasaland, analemba m'Chingerezi za masewera a njere a dziko lino, koma analembera anthu a ku England. Mkulu mmodzi akamwalira, apita nazo njira zache zoweruzira milandu ya pa thabwa. Ngati ana athu salemba, bawo adzafika ndithu m'mafoni ao, koma ndi malamulo a ku Zanzibar kapena a kwina. Pamenepo mdzukulu adzauza agogo ache kuti, “Mwalakwa, foni siitero,” ndipo cholowa cha makolo chidzagonja kwa kabokosi ka m'thumba. Wolemba pulogalamu ndiye asankha malamulo amene ana a mawa adzati ndi oona.

DZANJA LOSATHA

Bawo aphunzitsanso za msampha umene ugwira olemba mapulogalamu onse. Mu 2006 anthu atatu ophunzira a ku Netherlands, Tom Kronenburg, Jeroen Donkers ndi Alex de Voogt, analemba za dzanja losatha m'bawo. De Voogt ndi amene anakhala pakati pa akatswiri a ku Zanzibar nalemba buku la luso lao mu 1995. Iwo anaonetsa kuti nthawi zina njere zingakhale mwa mtundu wakuti munthu akayamba kugawa, njere yotsiriza sigwera m'dzenje lopanda kanthu nthawi iri yonse. Atola, agawa, atolanso, ndipo patapita nthawi njere zibwerera monga zinaliri poyamba, nizungulira chomwecho kosalekeza.

Anthu akakumana ndi zotere pa thabwa, atopa, aseka, nagwirizana chochita. Kompyuta sitopa. Ipitirira kugawa njere, foni iuma, mabatani aleka kumvera, batire litentha kufikira litatha. Mukaona foni yaima chiriri, nthawi zina chifukwa chache ndi chimenechi: wolemba anati “bwereza” koma sanakonze poimira. Tsono wolemba wanzeru afunsa nthawi zonse kuti, “Nanga zikapanda kutha?” Aika mlonda wowerenga, wonena kuti dzanja likapitirira malire akutiakuti liime. Ndipo chochita litaima, afunse akulu a pa thabwa, pakuti iwo ndiwo eni mlandu.

KOMPYUTA ISANKHA BWANJI POSEWERA NDI MUNTHU?

Ena ayesa kuti muli matsenga. Mulibe ai, muli masamu. Kompyuta iyesa m'kati mwache dzanja liri lonse limene lingatheke, niwerenga njere zimene ingadye. Kenaka iyesa mayankho onse a munthu, niganiza kuti munthuyo adzasankha loipweteka koposa. Itero mtsogolo ndithu monga nthawi ilola, nisankha njira imene ithera pabwino.

Bvuto ndi lakuti njira zichuluka msanga monga nthanga za maungu. Tiyerekeze kuti nthawi iri yonse pali njira 5 zosankha. Kuona mtsogolo manja 4 ndi njira 625. Kuona manja 8 ndi njira 390,625. Mu 2002 John Romein ndi Henri Bal a ku Amsterdam anafuna kudziwa mapeto a masewera a awari a ku West Africa, amene ali ndi maenje 12 okha ndi njere 48. Anapeza makhalidwe a njere okwana 889,063,398,406. Kompyuta yao yaikulu, yokhala ndi zigawo zowerengera 144, inagwira nchito maora 51, nipeza kuti onse awiri akasewera mosalakwa, palibe wopambana.

Bawo wathu wa maenje 32 ndi njere 64 aposa awari kutali. Foni ya m'mudzi singathe kuyesa njira zonse. Wolemba ayenera kuiphunzitsa kutaya njira zopusa ndi kudziwa thabwa labwino poliona: kusunga nyumba liti, kuiphwasula liti, kuteteza mzere wa kutsogolo bwanji. Nzeru imeneyi siipezeka pa intaneti. Iri ndi madala amene akhala pa thabwa zaka zambiri. Apa mkulu ndi mwana afunana: wina ali ndi nzeru, wina ali ndi zala.

MALANGIZO KWA ANYAMATA NDI ATSIKANA

1. Yambani pa pepala. Kope ndi pensulo zikwanira. Lembani malamulo, ali yense pa mzere wache, ndi nambala yache. Pamenepo mnzanu akhale “kompyuta”: achite zokhazo zimene mwalemba, osaonjezapo nzeru zache. Paliponse pamene aima nafunsa, pamenepo pali mpata wofuna kutseka.

2. Yambani pang'ono. Mlimi wanzeru akapatsidwa mbeu yachilendo aiyesa pa mizere iwiri, sadzaza munda wonse. Masewera a Tetris, amene afika m'maiko onse, anawayamba munthu mmodzi, Alexey Pajitnov wa ku Moscow, mu 1984, pa makina osatha kujambula zithunzi. Zidutswa zache anazipanga ndi zizindikiro za polembera. Inunso musayambe ndi mpira wa anthu 22. Yambani ndi mzere umodzi wa maenje ndi njere zoyenda bwino. Zikatheka, onjezani kudya. Anthu awiri ayambe asewera pa foni imodzi. Kuphunzitsa kompyuta kusewera yokha kudze pambuyo. Kamodzi komaliza kaposa khumi zosiyira panjira.

3. Yenderani munda wanu. Cholakwa cha m'pulogalamu eni nchitoyi achitcha bug, ndiko kunena kachirombo. Mauwa analipo kale, koma mu 1947 gulu la anchito a kompyuta ya ku Harvard, m'mene munali mai wotchuka Grace Hopper, linapezadi kadziotche atapanika m'makina, nilimmata m'buku la nchito. Kachirombo ka m'pulogalamu kafanana ndi kodikodi wa chinangwa: kabisala pa nsonga, ndipo wochedwa kuyendera munda akaona masamba atapota kale. Mukalemba mizere yowerengeka, yesani pomwepo. M'bawo muli chiyeso chosabvuta: dzanja liri lonse likatha, pulogalamu iwerenge njere zonse. Zikapanda kukwana 64, kachirombo kalipo. Mukatero patsani mng'ono wanu asewere, pakuti iye adzadina pamene inu simunaganizepo.

4. Sungani mbeu. Palibe mlimi amene akazinga mbeu yonse. Foni igwa m'nyanja, ibedwa, ifa. Nchito yanu ikhale malo awiri kapena atatu: m'foni, pa memori khadi, ndi pa intaneti mukapeza mpata. Musanasinthe chimene chiri kuyenda bwino, sungani chakalecho padera ndi tsiku lache.

5. Pangirani anthu a kwanu. Taonani mafoni amene ali m'manja mwa anthu a ku Mbungo: ambiri ndi otsika mtengo, malo osungira ndi ochepa, bandulo ndi ndalama, ndipo batire liyenera kufika madzulo. Masewera anu akhale opepuka, oseweredwa popanda intaneti. Malembo akhale akulu, oti nkhalamba iwaone ngakhale pa dzuwa. Mau akhale a chinenero chathu: kudya, kutakata, nyumba. Wa ku America sangakuposeni pa ichi, pakuti sadziwa anthu anu.

6. Lembani moti wina awerenge. Chinthu chiri chonse m'pulogalamu muchipatse dzina lomveka. Mukafuna kunena njere za m'manja, lembani dzina lonena zomwezo, osati lembo limodzi limene mudzaiwala mwezi wa mawa. Mutu umodzi susenza denga: wina ajambule, wina alembe, wina afunse akulu. Mukatenga chithunzi kapena nyimbo ya mwini, pemphani. Kutenga osapempha ndi kuba, ngakhale pa intaneti.

7. Musanyoze masamu ndi Chingerezi. Zinenero zambiri zolembera mapulogalamu zigwiritsa mau a Chingerezi, ndipo masamu ndiwo khasu la nchitoyi.

Zipangizo zophunzirira ziripo zaulere. Scratch, imene sukulu ya MIT ya ku America inatulutsa mu 2007, ndi ya oyamba: mwana alumikiza malamulo monga njerwa, ndipo ikalowa m'kompyuta igwira nchito popanda intaneti. Python ndi chinenero chosabvuta kuwerenga, chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991. Godot ndi chipangizo chomangira masewera athunthu. Funsani aphunzitsi ngati pali kompyuta imene mungakhalepo ora limodzi pa sabata. Opitirira maphunziro adzapeza za makompyuta ku Mzuzu University, ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo. Ndipo atsikana asati nchitoyi ndi ya amuna monga thabwa la pa bwalo: mHub, malo ophunzitsira achinyamata za makompyuta ku Lilongwe, anayambitsa ndi mai, Rachel Sibande.

MAU KWA MAKOLO

Inu makolo, siyanitsani mwana wosewera ndi mwana wopanga. Njira yache ndi yapafupi. Mfunseni kuti, “Tandionetsa chimene wapanga.” Wopanga adzaturutsa kope lodetsedwa ndi zofufuta, kapena kanthu kosakongola koyenda pa galasi, nakufotokozerani m'mene kayendera. Wongosewera alibe choonetsa. Woyambayo mumthandize, winayo mumuikire malire. Koma onse awiri amange mbuzi ndi kutunga madzi poyamba. Foni idze nchito zitatha.

Chenjerani ndi masewera ofuna kuikapo ndalama kuti upambane zina. Imeneyo ndi juga, ngakhale ibvale malaya okongola. Kumbukirani zimene tanena: kompyuta ichita zimene wolemba anaiuza. Mwini juga analembetsa masamu ache kotero kuti pa anthu onse osewera, iye atsale ndi phindu. Mmodzi akapambana, ambiri aluza. Ndalama za usipa ndi za chinangwa zisalowe kumeneko.

Ndiponso musayembekeze chuma cha msanga, ndipo musagulitse khoka kapena mbuzi kuti mugule makina odula mwana asanaonetse khama pa pepala. Ku Cameroon, Olivier Madiba anayamba kuganiza za masewera ache otchedwa Aurion mu 2003. Iye ndi anzache a Kiro'o Games ku Yaoundé anawaturutsa mu 2016, atalimbana ndi kusowa ndalama ndi kuzima kwa magetsi. Masewera ambiri amene anthu alemba sabweretsa ndalama zambiri. Koma luso limene mwana apeza powalemba silitayika. Wotha kulemba bawo angathenso kulemba pulogalamu yosunga mawerengero a gulu la asodzi, ya banki m'khonde, kapena yokumbutsa alimi masiku a katemera wa nkhuku.

Nchito yachilendo si yachilendo pa Likoma. Amishoni a UMCA atakhazikika pa chisumbuchi m'zaka za m'ma 1880, ana a asodzi anaphunzira kuwerenga, kupala matabwa, kusema miyala ndi kusanja malembo pa makina osindikizira. Mu 1893 nyuzi yotchedwa Nyasa News inasindikizidwa pa Likoma pomwepa, ndipo mu 1903 inayambika nchito yomanga tchalitchi chachikulu cha St Peter ku Chipyela. Kuyambira masiku amenewo ana a pa Likoma akhala aphunzitsi, alembi ndi ansembe m'maiko ambiri. Makolo a nthawi imeneyo akadati malembo sadyedwa, mbiri imeneyi sikadakhalapo.

Tidziwanso tonse kuti malo ndi ochepa. Likoma ndi chisumbu cha makilomita 18 okha m'bwalo lache lonse, nthaka ndi ya miyala ndi mchenga, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 14,000 pa Likoma ndi Chizumulu. Minda singagawidwe kosatha, ndi nsomba za m'nyanja ziri ndi malire. Thumba la usipa liyenera kudikira sitima, monga Ilala imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Koma pulogalamu ndi katundu wosalemera, wosaola, wosafuna malo m'sitima. Mwana angaupange ali kwao, ali kudya kondowole wa amai ache, nautumiza kutali.

Chifukwa chache tipempha chinthu chimodzi chosafuna ndalama. Sabata ino banja liri lonse limene muli mwana wokonda magemu lipeze kope. Mwanayo apite kwa mkulu wodziwa bawo, akhale pansi mwaulemu, afunse, nalembe. Inu akulu, musampitikitse. Muyankheni ngakhale afunse kachitatu, ndipo pamene inu ndi anzanu musiyana maganizo, alembe njira zonse ziwiri ndi dzina la mudzi umene uzitsata. Likadzala kopelo, aliyese pa mlendo. M'mera mpoyamba. Tsiku limene makina adzapezeke, malamulo a bawo wa ku Mbungo adzakhala ali okonzeka, olembedwa ndi mwana wa pa mudzi, monga anamuuzira agogo ache.